Kompyuta Yotuwa Pansi pa Makina Osokera

3 Malichi

Okondedwa Amayi ndi Bambo,

Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Ine kuno ndili moyo, kungoti kuzizira kukukana kuchoka. Amayi, bondo lija likuti bwanji? Bambo, nanga maso? Mundiuze zoona, osati zija mumati "tili bwino" pomwe wina akutsimphina. Poti Bambo pa foni samva bwino, ndabwerera ku pepala monga munalamulira.

Nkhani yanga si yokoma. Bambo Ayi andikananso. Aka n'kachisanu. Zaka ziwiri ndikuwagogodera, ndikonze apa, ndikonze apo, iwo amangoyankha mizere itatu: sizinakhale bwino, ubwerenso. Ulendo uno ndinakalira pang'ono m'bafa ya kuntchito, kenako ndinasamba kumaso n'kubwerera pa desiki. Koma sindiwasiya ayi. Munthu ameneyu akadzangoti inde, moyo wanga wasintha.

Bambo, chithunzi cha shopu chimene Amayi ananditumizira chandidetsa nkhawa. Mawailesi akufa mpaka kudenga, ma TV a chimimba, makompyuta akalekale, inu muli pakati ngati akukwirirani. Mwakonza zinthu za anthu zaka makumi anayi. Tayani zinyalala zimenezo, mupumule.

Mundiyankhe msanga.

Mwana wanu,
Kafiyuzi


21 Malichi

Kafiyuzi mwana wanga,

Moni. Kalata yako tinalandira Lachiwiri. Bondo lilipo, m'mawa uliwonse limandikumbutsa kuti ndinabadwa kale. Ndikusokabe mayunifolomu a ana a sukulu, oda sikutha.

Tsopano tikambe ngati akazi. Bambo Ayi ameneyu ndi ndani? Mwamuna wokukana kasanu, iwe n'kumamulondolabe? Ine bambo ako ndinawakana kawiri kokha, kachitatu ndinawamvera chisoni poona kuti nsapato zawathera pa msewu wa kwathu. Zaka ziwiri, mwanawe, mpaka kumalira m'bafa! Ali ndi mkazi eti? Ngati ali naye, umusiye lero lomwe. Ngati alibe, unditumizire chithunzi chake ndione chimene akunyadira.

Za shopu wapalamula. Bambo ako anawerenga kalata yako kawiri, n'kuipinda, n'kuilonga m'thumba la malaya. Tsiku limenelo chakudya anangochigwiragwira. M'mawa mwake anapita okha kukaitana wogula zitsulo uja wa lole yobiriwira. Adzabwera pa 9 Epulo kudzatenga zonse. Ndawafunsa ngati akulembere, akuti alibe chonena, mwana wophunzira wanena kale.

Uzivala zofunda. Undiyankhe za mwamunayo.

Mayi ako


24 Malichi

Bambo,

Moni. Yankho la kalata yanga sindinalilandire, mwina lili m'njira. Iyi ndi ya inu nokha, mmisiri kulembera mmisiri mnzake, chifukwa ndili pa mavuto ndipo ndaona kuti wondithandiza ndinu.

Ndifotokoze kaye ntchito yanga, poti sindinayambe ndakuuzani bwinobwino. Mukudziwa kuti khadi ikalowetsedwa pa bolodi la mkati mwa kompyuta, kaya ya mawu kaya ya netiweki, imalemba yokha m'memori ya kompyuta. Khadi yosokonezeka ikhoza kulemba paliponse n'kuwononga za ena. N'chifukwa chake pa bolodi pali kachigawo kamene ife timakatcha mlonda wa maadiresi. Khadi ikati "ndikufuna kulemba pa adiresi yakuti," mlondayu amayang'ana pa mndandanda wake, n'kuilozera malo enieni m'memori, kapena kuikaniza. Mndandandawo imalemba ndi kenelo, pulogalamu yaikulu ija imene imayendetsa kompyuta yonse. Ine ndikupanga kakhomo m'kenelo, koti pulogalamu wamba izitha kutenga khadi imodzi n'kudzikonzera yokha maadiresi a khadiyo, popanda kukhudza za anzake. Zikatheka, makina ojambulira odwala ndi a m'masitudiyo azigwira ntchito mwachangu osadikira kenelo pa chilichonse.

Kenelo imeneyi imalembedwa ndi anthu ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana, koma chigawo chilichonse chili ndi woyang'anira. Wa chigawo chathu ndi Bambo Ayi. Dzina lawo lenileni ndi lina, ili tinawapatsa ife. Palibe chimalowa iwo asanavomere. Sabata yatha anandilembera kuti: pa makompyuta atsopano zikuyenda, koma undionetse pa bolodi lakale la mipata yoyera yaitali, makhadi awiri ali momwemo.

Bambo, tasakasaka nyumba yonse ya ofesi. Makompyuta otere anatayidwa kalekale. Kenako ndinakumbukira yotuwa ija, yophwanyika pambali, imene ndinaphunzirirapo kutayipa. Ili ndi mipata yoyera iwiri, ndipo mlonda wa maadiresi alimo. Ikadalipo?

Khomo lolandirira ntchito zatsopano litsekedwa pa 15 Juni. Abwana anena kuti tikaphonya, ntchitoyi aitseka ndipo anayi tonse amene tikuigwira atimwaza. Ndamata fulashi mkati mwa envelopu, pamodzi ndi malangizo. Mungandiyesere?

Mwana wanu,
Kafiyuzi


11 Epulo

Amayi,

Kalata yanu yafika lero. Iyi ndaijambula n'kuitumiza pa foni yanu, positi ichedwa. Chonde muwaonetse Bambo.

Poyamba ndinaseka mpaka mnzanga wa pa desiki anandibweretsera madzi. Amayi, Bambo Ayi si chibwenzi! Ndi woyang'anira ntchito, nkhope yawo sindinaione n'komwe, ndipo akuti ali ndi zidzukulu. Chimene amakana ndi ntchito yanga, osati ine.

Nditafika pa nkhani ya lole, kuseka kunatha. 9 Epulo ndi dzana. Bambo, mawu aja ndinalemba mopusa. Ndimaopa kuti shelefu idzakugwerani, koma m'malo monena zimenezo ndinanyoza shopu imene inandiphunzitsa kugwira sikuludiraiva. Pepani. Kodi kalata yanga yachiwiri inafika nthawi yake? Kompyuta yotuwa anatenga?

Kafiyuzi


15 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Maso alipo.

Lole inabwera pa 9. Inanyamula maulendo awiri. Kalata yako ya fulashi yafika dzulo, pa 14. Ndaiwerenga yonse ndipo ntchito yakoyo ndaimvetsa. Ndi ntchito yabwino.

M'shopu mwatsala tebulo, mpando, mita yanga yoyezera magetsi ndi bokosi la makhadi limene linali m'dirowa. Ndinapita kwa wogula zitsulo. Akuti katundu wa sabata yatha anamuswa kale.

Kupepesa kwako ndakumva.

Bambo ako


16 Epulo

Kafiyuzi,

Usalire, khala pansi uwerenge. Kuyambira lero makalata athu ndizijambula pa foni, bambo ako avomera bola alembedwe pa pepala kaye.

Lero m'mawa ndikusoka kolala, iwo anakhala pakhomo la chipinda changa n'kumawerenganso kalata yako mokweza, monga amachitira chinthu chikawapweteka. Atafika poti "yotuwa, yophwanyika pambali," phazi langa linachoka lokha pa pedulo.

Ndinati, "Yophwanyika mbali iti?"

Anati, "Ya kumanzere. Zilibenso ntchito."

Ndinati, "Ili ndi kabatani kozungulira kutsogolo?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Mwanawe, mu Januwale adokotala anandiuza kuti posoka ndizikweza mwendo wodwalawu. Ndinalowa m'shopu bambo ako atapita kukameta, ndinaona kabokosi ka msinkhu wabwino, ndinakakulunga ndi nsalu yotsala ya makatani n'kukaika pansi pa makina osokera. Miyezi itatu mwendo wanga wakhala pa kompyuta yako.

Bambo ako anagwada, bambo a zaka zawo zija, n'kuvundukula nsalu. Kenako anati, "Mayi, mwakhala mukuba m'shopu mwanga." Ndinati, "Mukanene kupolisi." Anaseka mpaka kutsokomola. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chiyambire Malichi.

Ainyamula ngati khanda kupita nayo ku shopu. Ine mwendo ndaika pa ndowa.

Za Bambo Ayi ndamva. Komabe munthu wa zidzukulu kuliza mwana wa eni ake m'bafa, si ulemu.

Mayi ako


22 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Nali lipoti.

Mkati mwa kompyutayo munali fumbi ndi ulusi wa mayi ako. Ndinapukuta. Batire la pa bolodi linali lakufa, ndinasintha. Makapasita awiri anali otupa, ndinachotsa n'kuika ena ochokera m'wailesi ya kukhitchini. Mayi ako sanadziwebe, ndipo poti ndi iwo ajambule kalatayi, adziwa tsopano.

Inayaka ulendo woyamba. Mpata woyamba ndinaika khadi ya mawu, wachiwiri ya netiweki. Ndinalowetsa fulashi n'kutsata malangizo ako mzere ndi mzere. Pulogalamu yako itatenga khadi ya mawu, sipika inalira kaliwu kaja unanena. Ndinasangalala. Koma posakhalitsa kanyale kobiriwira ka khadi ya netiweki kanasiya kuphethira. Kenako sikirini inadzaza ndi zolemba, kiyibodi n'kusiya kumva.

Ndinabwereza kanayi. Kanayi konse chimodzimodzi.

Sikirini ikajambulidwa pa foni imatuluka mizeremizere, ndiye ndakopera pamanja. Ndi mizere makumi anayi ndi umodzi, ili pa mapepala atatu otsatirawa. Ziro ndamudula pakati kuti usamusokoneze ndi O.

Bambo ako


24 Epulo

Bambo,

Zikomo kwambiri. Mapepala anu ndawapachika pa khoma la ofesi, anzanga akubwera kudzaona kalembedwe kanu. Mmodzi anafunsa ngati munasindikiza ndi makina.

Ndawerenga mizere yonse. Imene ikudandaula ndi khadi ya netiweki, koma ntchito yanga siikhudza khadi imeneyo ngakhale pang'ono. Pulogalamu imatenga ya mawu yokha. Ndikuganiza kuti ya netiwekiyo yangokalamba. Musinthe ndi ina, muyesenso. Ikadutsa ndiwatumizira Bambo Ayi sabata ino.

Amayi, wailesi ya kukhitchini ndidzakugulirani ina.

Kafiyuzi


2 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Ndachedwa kuyankha dala, ndimafuna ndilankhule zimene ndaona.

Unati khadi yakalamba. Ndinasintha. Ndinaika ina ya m'bokosi langa, inafa. Ndinakabwereka ina kwa mayi wa pa shopu yosindikiza, inafanso. Makhadi onse atatu ndikawayesa okha, pulogalamu yako isanayambe, amagwira ntchito tsiku lonse.

Ndiye ndinatembenuza. Ya mawu ndinaika mpata wachiwiri, ya netiweki woyamba. Inafa ndi ya netiweki. Ndinachotsa ya netiweki n'kuika ya mawu ina, kuti zikhale za mawu ziwiri. Pulogalamu yako itatenga imodzi, inayo inafa. Ukatenga khadi iliyonse, imafa ndi yoyandikana nayo.

Ndinamasula bolodi lonse n'kuliika pa tebulo pafupi ndi zenera. Ndi galasi lokuzira ndi mita, ndinalondola timizere ta mkuwa tochokera m'mipata iwiriyo. Zanditengera masiku atatu chifukwa maso amatopa. Timizere ta mpata woyamba ndi ta wachiwiri sitipita patokha kwa mlonda wako. Tonse timalowa kaye m'katchipi kamodzi kakuda, kali pakati pa mipatayo ndi batire. Kuchokera m'katchipiko kumatuluka njira imodzi yokha. Ndajambula pa pepala lachiwiri, ndi nambala ya katchipiko.

Ine za kenelo sindidziwa. Koma funso langa ndi ili: ngati makhadi awiri akufika kwa mlonda kudzera njira imodzi, mlondayo akudziwa bwanji kuti ndi awiri?

Zaka makumi anayi anthu akhala akundibweretsera wailesi n'kunena kuti sipika yafa, pomwe vuto lili kwina. Khadi ilibe mlandu. Uyang'anenso ntchito yako.

Bambo ako


20 Meyi

Bambo,

Moni, ndipo pepani kuti ndinakhala chete masabata awiri ndi theka. Amayi anandilembera kawiri kufunsa ngati ndakwiya. Sindinakwiye. Ndinali ndi manyazi tsiku limodzi, masiku enawo ndinali pa ntchito.

Munalondola. Mlonda sadziwa kuti ndi awiri. Katchipi kanu kaja kamalankhula m'malo mwa makhadi onse awiri, ndipo kamatchula dzina lake lokha. Kwa mlonda, mipata iwiriyo ndi chinthu chimodzi cha mndandanda umodzi. Kakhomo kanga katapereka mndandandawo kwa pulogalamu, khadi inayo inapezeka kuti maadiresi ake onse afufutidwa. Ndipo ife tinali ndi mwayi kuti inangofa. Ikanatha kulemba m'memori ya pulogalamu ina, palibe akanadziwa. Tangoganizani zimenezo m'makina a kuchipatala.

Nditawerenga funso lanu ndinaimirira pakati pa ofesi n'kuliwerenga mokweza, ndikumasulira. Mnzanga wa ndevu, amene wakhala pa ntchitoyi zaka khumi ndi zisanu, anagwira mutu n'kutukwana mawu amene sindingalembe m'kalata yodutsa m'manja mwa Amayi.

Ndakonza chonchi: pulogalamu isanapatsidwe khadi, kenelo izifufuza kaye ngati khadiyo ili ndi inzake yogawana nayo dzina kwa mlonda. Ngati ilipo ndipo ikugwira ntchito ina, kenelo izikana. Ikafuna, pulogalamu itenge onse awiri pamodzi. Zikumveka zophweka, koma ndagwetsa chigawo chachikulu n'kuchimanganso.

Zatsopanozi ndatumiza pa foni ya Amayi. Mayi wa pa shopu yosindikiza akhoza kukuikirani pa fulashi. Mayeso ndi awiri: loyamba ikane bwinobwino osagwa, lachiwiri itenge makhadi onse n'kuyenda masiku atatu osazima. Tatsala ndi masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.

Mwana wanu wosamva,
Kafiyuzi


29 Meyi

Kafiyuzi,

Moni. Bambo ako ati ndilembe ine, iwo dzanja latopa. Bodza, akungofuna wina awatame.

Yeso loyamba linadutsa Loweruka. Anabwera kunyumba akumwetulira, akuti, "Yakana!" Ndinati chinthu chikakana munthu amasangalala? Akuti ulendo uno inde.

Lachiwirili ndilo latizunza. Kaliwu kako kaja, mwanawe, kamapyoza khoma. Wometa wa pafupi anabwera kudzafunsa ngati m'shopu mwalowa njoka ya magetsi. Tsiku lachiwiri masana magetsi anathima, zonse n'kuyambiranso. Bambo ako anapita kwa makaniko wa kuseri, anabwera ndi mabatire awiri a galimoto pa wilibala, n'kulumikiza zimene amadziwa okha. Magetsi anathimanso kawiri, kaliwu sikanasiye.

Lero 10 koloko m'mawa masiku atatu anakwana. Ndinali pomwepo, ndinawatengera tiyi. Wometa analipo, makaniko analipo kudzalondera mabatire ake, mayi wosindikiza naye anabwera. Sikirini inalemba mzere umodzi umene bambo ako akuti ndi wonena kuti palibe cholakwika. Anthu anaomba m'manja, ngakhale ndikukayika ngati wometa akudziwa chimene amaombera. Bambo ako anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, n'kuti, "Mayi, jambulani." Pepala la lipoti lili pansipa, asainira ndi tsiku lomwe.

Tsopano uwatumizire Bambo Ayi akowo. Akakananso undipatse adiresi yawo.

Mayi ako


12 Juni

Amayi ndi Bambo,

AVOMERA!

Ndinatumiza pa 30 Meyi, pamodzi ndi chojambula cha Bambo cha timizere ta mkuwa. Masiku khumi kunali zii. Ndinkatsegula makalata a pa kompyuta mwina kakhumi pa ola. Lachiwiri anayankha ndi mafunso awiri ang'onoang'ono, ndinakonza tsiku lomwelo. Lero m'mawa, ndikuvula jekete, mnzanga wa ndevu anakuwa kuchokera ku desiki yake, "Tsegula!"

Analemba motere, ndikumasulira liwu ndi liwu: "Ndalandira, zilowa ulendo uno. Vuto la katchipi lija ndinkalikayikira koma ndinalibe poliyesera. Amene analondola bolodi ndi mita ndi ndani? Anthu otere anatha."

Ndinayankha kuti ndi bambo anga, okonza mawailesi. Anthu mazana amawerenga makalata amenewa, Bambo. Onse awerenga.

Pansi pa ntchito iliyonse yolowa m'kenelo pamalembedwa maina: wolemba, wopeza vuto, woyesa. Langa lili pa mzere umodzi. Lanu lili pa mizere iwiri, ndipo silidzafufutidwa. Abwana anatiitana anayi tonse n'kunena kuti ntchito ipitirira, atiwonjezeranso anthu awiri. Ndinapita m'bafa muja, Amayi, koma ulendo uno ndinakavina.

Pali pempho. Bambo Ayi afunsa ngati mungalole kuyesa ntchito za anthu ena pa kompyuta yotuwayo, poti ena atatu ali ndi vuto ngati langa. Ndati ndikufunsani kaye. Simukukakamizidwa. Ndipo ulendo uno sindikuuzani chochita ndi shopu yanu.

Mundilembere, ndikufuna kumva mmene mwailandirira.

Mwana wanu,
Kafiyuzi


9 Julayi

Mwana wanga,

Moni. Tili bwino, ndipo ulendo uno ndi zoona.

Kalata yako mayi ako anaiwerenga mokweza pa khonde la shopu, anthu odikira basi akumva. Ine ndinalowa mkati. Mayi wosindikiza watulutsa tsamba la maina lija pa pepala lolimba. Ndinaliwerenga. Dzina langa analilemba bwino, palibe chilembo chosowa.

Sindinakuuzepo izi. Uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku lija unalowetsa waya m'soketi n'kuthimitsa mzere wonse wa mashopu, anthu anabwera kudzandikalipira. Ndinakukalipira nawo kuti aone. Koma atachoka ndinakayang'ana soketiyo, ndinapeza kuti unali utamasula zomangira zonse zinayi n'kuziika pa mzere, zazitali kwazokha, zazifupi kwazokha. Ndinadziwa tsiku limenelo kuti udzandiposa. Wandiposa. Ndanyadira.

Uwauze Bambo Ayi kuti ndavomera. Ndipotu anthu awo sanadikire yankho. Lachinayi kunafika bokosi kuchokera kwa mayi wina wa dziko limene sitampa yake sindinaionepo. Muli makhadi asanu ndi kalata yaulemu, akunditcha injiniya. Wa positi akuti kukubwera lina lolemera kuposa limeneli. Kalipentala akhoma mashelefu atsopano mawa, otsika, omangirira kukhoma, kuti usadandaule. Wogula zitsulo ndamuuza kuti akapeza kompyuta ya mipata yoyera asaswe, ayambe wandionetsa.

Pa makhadi asanuwo, imodzi ili ndi kachipangizo kothyoka mwendo, ndipo mwini wake sakudziwa. Ndilekeze pano, chowotcherera chatentha kale.

Bambo ako